Anathawira pamwamba pa matanthwe, dziko linawalondola: za amonke a ku Meteora

Chaka chilichonse, m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ku Ulaya kumatentha ndipo masukulu amakhala atatsekera, achinyamata ambiri amabereka zikwama kumsana n'kuyamba kuyendera maiko ndi ndalama zochepa. Ena mwa iwo akatha kuona mzinda wa Roma amatsikira kumwera kwa dziko la Italy, amawoloka nyanja usiku pa sitima, kenaka amakwera mabasi awiri kudutsa m'mapiri a dziko la Greece mpaka kukafika pamalo otchedwa Meteora. Kumeneko kuli nyumba za amonke zimene zinamangidwa pamwamba penipeni pa matanthwe oima njo ngati nsanamira. Ife taganiza zoutsatira ulendo umenewu kuyambira padoko mpaka pachipata, chifukwa kumene ukuthera kuli nkhani yokhudza Mkhristu aliyense amene anayesapo kufunafuna malo abata oti apemphere, n'kupeza kuti phokoso lamulondola.

Ulendo umayambira ku Brindisi kapena ku Bari, madoko a m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic. Brindisi ndi mzinda wakale: msewu wotchuka wa Aroma wa Via Appia unkathera pamenepa, ndipo wofuna kupita kumaiko a kuvuma ankakwerera ngalawa pomwepo. Sitima za masiku ano ndi zikuluzikulu, moti Ilala yathu ingaoneke ngati mwana pambali pake. Pansi pamalowa malole ndi magalimoto, anthu n'kukwera pamwamba. Wachinyamata wa chikwama sagula tikiti ya chipinda. Amagula yotsika mtengo, imene imangomulola kukwera, za kogona adzionere yekha. Choncho amayala kabulangeti kake pampando kapena panja, chikwama chikhale mtsamiro, mphepo ya panyanja ikumuwomba usiku wonse. Kukamacha amaona mapiri a Albania ndi chilumba cha Corfu, ndipo posakhalitsa sitima imakocheza pa Igoumenitsa. Owerenga Malembo angakonde kudziwa kuti kumwera kwa doko limeneli kuli mabwinja a mzinda wa Nikopolis, kumene Paulo Woyera ankafuna kukathera nyengo yachisanu, monga tiwerenga m'kalata yake kwa Tito, mutu 3 ndime 12.

Pa Igoumenitsa palibe zomuchedwetsa mlendo. Amakwera basi yopita ku Ioannina, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yaing'ono, ndipo kumeneko amadikira basi yachiwiri yodutsa mapiri a Pindus. Mabasi odutsa mapiriwa ndi owerengeka. Wophonya amagona komweko. Kale msewu unkakwera mokhotakhota mpaka pampata wotchedwa Katara, dzina limene m'Chigiriki limatanthauza temberero, ndipo nthawi yachisanu unkatsekeka ndi chipale. Chiyambire 2009 pali msewu waukulu wa Egnatia Odos woboola mapiri, umene unatenga dzina la msewu wakale wa Aroma uja Paulo anayendamo kuchokera ku Filipi kupita ku Tesalonika. Komabe basi imadzausiya msewu waukuluwo n'kutsika pang'onopang'ono kulunjika kuchigwa cha mtsinje wa Pineios. Mlendo amene wagona movutikira, wadya buledi wouma, wakhala tsiku lathunthu panjira, amayamba kusinza. Tsono akadzidzimuka, kuseri kwa tauni ya Kalambaka, amaona matanthwe akuluakulu akuda ataima okhaokha, ena otalika pafupifupi mamita 400 kuchokera m'chigwa. Akayang'anitsitsa pansonga pa limodzi amaona denga lofiira ndi mtanda.

Dzina loti Meteora limatanthauza zinthu zolenjekeka m'malere. Funso limene aliyense amafunsa pamenepo ndi limodzi: anthuwa anakwera bwanji, nanga ankafunanji kumeneko?

Oyamba kufika sanamange kanthu. Anali anthu ofuna kukhala paokha ndi Mulungu, ndipo cha m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100 ankakhala m'mapanga ndi m'ming'alu ya matanthwe, aliyense kwayekha. Tsiku Lamulungu ankatsika n'kukumana pa katchalitchi ka Amayi Maria pamalo otchedwa Doupiani kuti achite mwambo wa Ukaristia pamodzi, kenaka aliyense n'kubwerera kuphanga kwake. Mfundo imeneyi tisaidumphe. Ngakhale anthu amene anathawa anzawo mpaka kukakhala ngati mbira m'miyala ankadziwa kuti Mkhristu sangadzidyetse yekha Thupi la Ambuye. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ankafuna abale.

Nyumba zimene tikuziona lero zinayamba m'zaka za m'ma 1300. Cha m'ma 1340 kunafika mmonke wina dzina lake Athanasios, wochokera ku phiri la Athos, malo aakulu a amonke kumpoto kwa Greece. Anachokako chifukwa achifwamba a panyanja ankaukira nyumba za amonke kawirikawiri. Patapita nthawi iye ndi anzake ochepa anakwera thanthwe lalikulu koposa, lotchedwa Platys Lithos, ndiye kuti mwala wotambalala, n'kukhazikitsapo nyumba imene lero imadziwika kuti Great Meteoron. Tchalitchi chake n'choperekedwa ku Kusandulika kwa Ambuye, chinsinsi chija chimene chinachitika paphiri lalitali pamaso pa Petulo, Yakobo ndi Yohane. Athanasios anaika malamulo a moyo wa pamodzi: kudyera pamodzi, kupemphera pamodzi, wina asakhale ndi chakechake, ndiponso amayi asakwere pathanthwelo. Amene anapitiriza ntchito yake ndi munthu wodabwitsa. Anali John Uroš, mwana wa mfumu ya Chisebiya imene inkalamulira chigawo cha Thessaly. Atalowa ufumu wa bambo ake anautula, navala mkanjo wakuda, natenga dzina loti Ioasaph. Iyeyu ndi amene anakulitsa tchalitchicho mu 1387 ndi 1388, kutangotsala zaka zochepa kuti chigawo chonsecho chigwe m'manja mwa Aturuki, amene anachilamulira mpaka 1881.

M'zaka za m'ma 1500 nyumba za amonke pamatanthwewa zinafika 24. Imodzi mwa izo, ya Varlaam, inamangidwanso kuyambira mu 1517 ndi abale awiri a mimba imodzi, Theophanes ndi Nektarios Apsaras, ochokera ku Ioannina komwe mlendo wathu anadikira basi kuja. Amonke amasimba kuti kukweza miyala, matabwa ndi laimu kunatenga zaka 22, koma kumanga tchalitchi chenichenicho kunangotenga masiku 20. Kaya masikuwo anawerengedwa bwino kaya ayi, nkhaniyi ikutiuza chimene chinali chovuta: kukweza. Kunalibe njira. Munthu ankakwera pa makwerero a matabwa olumikizalumikiza, amene ankawakokera m'mwamba akaona adani, kapena ankakhala mu ukonde wa zingwe, amonke awiri kapena atatu n'kumazunguza chimtengo chokulungira chingwe pansanja yotulukira kuphompho. Ukondewo unkazungulira, n'kumagunda thanthwe, munthu ali khwinyaa ngati nsomba. Alendo akale ankakonda kusimba kuti akafunsa kuti chingwe chimasinthidwa liti, amonke ankayankha kuti chimasinthidwa Ambuye akalola kuti chiduke. Nsanja zimenezi zikadalipo, ndipo zina zimakwezabe katundu.

Kodi kunali kuthawa nkhondo chabe? Mantha analipo ndithu, ndipo sitingawabise. Nthawi imeneyo ufumu wa Byzantium unali kugwa, magulu a nkhondo ankasinthana m'chigwa, ndipo thanthwe losakwereka linali linga labwino. Linasunga anthu, linasunganso mabuku olembedwa pamanja amene akanatenthedwa. Koma munthu wongothawa nkhondo amatsika nkhondo ikatha. Awa sanatsike. Chimene ankafuna chili ndi dzina m'Chigiriki, hesychia, kutanthauza bata la mumtima, pamene maganizo aleka kuyendayenda ndipo munthu waima pamaso pa Mulungu osabisa kanthu. Njira yawo yofikira bata limeneli ndi pemphero lalifupi lotchula dzina la Yesu, kumuvomereza kuti ndi Mwana wa Mulungu, ndi kupempha chifundo monga munthu wochimwa. Mizu yake ili m'pemphero la wokhometsa msonkho uja pa Luka 18 ndi m'kufuula kwa Baratimeyo wakhungu pa Marko 10. Mmonke amalibwereza kambirimbiri, usana ndi usiku, akuwerengera pa kachingwe ka mfundomfundo kofanana ndi kolona yathu, mpaka pempherolo lilowerere ngati mpweya. Kutalika kwa thanthwe kunali mpanda wa ntchito imeneyi. Wofuna kuwaona ankayenera kufunitsitsa.

Ife a mu Africa tili ndi chifukwa chonyadira pankhaniyi, pakuti moyo wotere unaphukira kwathu kuno. Antonio Woyera, amene anamwalira mu 356, anakhala zaka zambiri m'chipululu cha Ejipito, ndipo mbiri ya moyo wake yolembedwa ndi Atanazio Woyera wa ku Alexandria inakoka anthu a maiko ambiri. Pakomio Woyera anasonkhanitsa amonke m'nyumba za pamodzi m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Bazilio Woyera anakaona amonke a ku Ejipito asanalembe malangizo amene amonke a kuvuma amatsatira mpaka lero, ndipo Benedikito Woyera, tate wa amonke a kuzambwe, analimbikitsa ana ake kuwerenga malangizo a Bazilio yemweyo. Amene anafikapo pachipata cha masisitere a Poor Clares ku Lilongwe akudziwa kale kamvekedwe ka moyo wobindikira umenewu, ngakhale kumeneko kulibe phompho.

Tsono tibwerere kwa mlendo wathu. M'mawa amanyamuka ku Kalambaka kapena kumudzi wa Kastraki, umene uli patsinde penipeni pa matanthwe, n'kutsata tinjira takale ta m'nkhalango timene amonke ankayendamo. Amakwera ola lathunthu kapena kuposerapo, thukuta lili kamukamu, osakumana ndi munthu. Akatulukira pamwamba amapeza msewu wa tala, mabasi akuluakulu atandandalika, ogulitsa zithunzi ndi zakumwa, ndi mzere wa anthu olankhula zinenero zamitundumitundu, aliyense foni m'mwamba. Ambiri amakhumudwa pamenepa, ndipo ife sitikuwadabwa.

Zinafika bwanji pamenepa? M'zaka za m'ma 1920 anasema masitepe m'matanthwe, ukonde n'kusiya kunyamula anthu. Nthawi imeneyo nyumba zambiri zinali kale mabwinja, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaononganso zotsalazo. Pambuyo pake kunabwera msewu. Mu 1981 kunatuluka filimu ya James Bond yotchedwa For Your Eyes Only, imene mbali yake inajambulidwa pathanthwe la nyumba ya Utatu Woyera, amonke akukana. Mu 1988 bungwe la UNESCO linaika Meteora pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Chilichonse mwa zinthu zimenezi chinachulukitsa alendo. Koma chimene chimatikhudza kwambiri chinachitika mu 1973. Pa Great Meteoron panali gulu la amonke achinyamata limene linali litangotsitsimutsa moyo wa pamalopo, motsogozedwa ndi mkulu wawo Aimilianos. Ataona kuti alendo akuchuluka ndipo bata likusowa, gulu lonselo linasamuka n'kupita ku nyumba ya Simonopetra, paphiri la Athos. Taganizirani bwino: Athanasios anachoka ku Athos kuthawa achifwamba, nabwera ku Meteora, patapita zaka zoposa 600 ana ake anachoka ku Meteora kuthawa anthu odzaona malo, nabwerera ku Athos. Chimene malupanga analephera, makamera anachitha. Ku Athos mpaka lero munthu amafikako pa bwato, ndi kalata ya chilolezo, amuna okhaokha, ndipo chiwerengero cha olowa patsiku n'choikidwiratu.

Pa nyumba 24 zija, zisanu ndi imodzi ndizo zili ndi anthu lero: Great Meteoron, Varlaam, ya Nikolasi Woyera, ya Utatu Woyera, ya Rousanou ndi ya Stefano Woyera. Ziwiri zomalizazi ndi za masisitere. Ya Stefano Woyera inaperekedwa kwa iwo mu 1961. Ndipo chodabwitsa n'chakuti pamalo pamene woyambitsa wake analetsa amayi kukwera, lero masisitere ndiwo ambiri kuposa amonke aamuna, ndipo ndiwo anadzutsa nyumba zimene zinali kugwa.

Sitikufuna kuweruza alendo mopupuluma. Ndalama imene amalipira pachipata ndiyo imakonza madenga ndi kusamala zithunzi za pamakoma, monga zija anajambula Theophanes wa ku Crete m'nyumba ya Nikolasi Woyera mu 1527. Ndiponso ndani angadziwe za mumtima mwa munthu wotsika basi? Alipo amene amalowa akuseka n'kutuluka ali chete, makamaka akaima pakhomo pa kachipinda ka pa Great Meteoron mmene muli zigaza za amonke akale, zitandandalikidwa pamashelefu popanda maina a ulemu, mkulu ndi wophika osasiyanitsika. Komabe tiyenera kunena mosabisa kuti pali chinthu chimene masitepe ndi msewu zinachotsa. Kale ulendo wokha unkamukonza munthu: kutopa, kudikira, mantha a mu ukonde. Pofika pamwamba anali atachepa. Lero munthu angathe kudya chakudya cha m'mawa ku hotela, kuona nyumba zitatu, n'kukadya nkhomaliro kwina osamva kanthu. N'chifukwa chake tikuganiza kuti wachinyamata uja wogona panja pa sitima ndi kukwera wapansi, ngakhale atakhala kuti sapemphera, ali pafupi ndi tanthauzo la malowa kuposa mmene iye akudziwira. Amene anakwerapo Njira ya Mtanda paphiri la Michiru tsiku Lachisanu Loyera akudziwa kuti miyendo nayo imapemphera.

Amonke otsalawo anapeza njira yawo yodzitetezera. Nyumba iliyonse imatsekedwa tsiku limodzi kapena kuposerapo pasabata, maola olowera ndi oikika, ndipo zipinda zogona ndi malo ena alendo safikako. Pachipata amafuna chivalo cha ulemu: amuna mathalauza aatali, amayi masiketi ofika m'munsi mwa maondo, ndipo amene alibe amabwerekedwa nsalu yomanga m'chiuno, chimodzimodzi chitenje. Mu 1995 boma la Greece linakhazikitsa lamulo lozindikira Meteora ngati malo opatulika.

Akatekisti adzafunsidwa funso lina, ndipo ndi bwino likhale ndi yankho: kodi amonke amenewa ndi Akatolika? Ayi, ndi a Mpingo wa Orthodox. Mkatolika akalowa m'tchalitchi mwawo amazindikira zambiri: mtanda, makandulo, lubani, ulemu waukulu kwa Amayi Maria, oyera amene ifenso timawalemekeza. Amaonanso zosiyana. Guwa la nsembe limabisika kuseri kwa khoma la zithunzi zoyera. Mkate wa Ukaristia ndi wotupitsa. Polemba chizindikiro cha mtanda amayamba phewa lamanja. Chosiyana chachikulu n'chakuti savomereza udindo wa Apapa monga ife timaumvera. Kupatukana kumeneku kumawerengedwa kuchokera mu 1054, ndipo bala linakula mu 1204 pamene asilikali a kuzambwe, atavala chizindikiro cha mtanda, anafunkha mzinda wa Constantinople. Msonkhano wachiwiri wa Vatikani unaphunzitsa mu 1964 kuti Mipingo ya kuvuma imeneyi ili ndi masakramenti enieni, unsembe weniweni ndi Ukaristia weniweni, chifukwa maepiskopi ake ndi olowa m'malo mwa Atumwi. Pa 7 Disembala 1965 Papa Paulo VI ndi Patriarch Athenagoras wa ku Constantinople anafafaniza zilango zimene mbali ziwirizi zinapatsana mu 1054. Mu Meyi 2001 Papa Yohane Paulo II anafika ku Athens, napempha chikhululukiro kwa Mulungu pamaso pa Arkiepiskopi Christodoulos chifukwa cha zolakwa za Akatolika kwa abale awo a Orthodox. Malemu Papa Fransisko anabwereza pempho lomwelo mu Disembala 2021.

Tisanamizane kuti zonse zinatha. Pakati pa amene anatsutsa kwambiri ulendo wa Apapa wa mu 2001 panali amonke a m'dziko la Greece, ndipo ambiri a iwo amakayikirabe zokambirana za umodzi. Mkatolika wofika ku Meteora adzalandiridwa ngati mlendo, angathe kuima kumbuyo ndi kupemphera chamumtima, koma asapite kukalandira Ukaristia, pakuti malamulo a Mpingo wa Orthodox salola. N'zowawa kuima pamalo pamene tikuvomereza kuti Ambuye alipodi, n'kusatha kufika patebulo. Kuwawa kumeneku n'kumene timakupereka kwa Mulungu chaka ndi chaka m'sabata yopempherera umodzi wa Akhristu, ndipo wokafika kumeneko amakumva m'thupi mwake.

Madzulo zipata zimatsekedwa. Mabasi amatsika mmodzimmodzi, ogulitsa amalongedza, ndipo pamsewu pamatsala anthu ochepa okhala pamiyala kudikira kulowa kwa dzuwa. Amene sathamangira kutsika angamve kuchokera kuseri kwa makoma kulira kwa thabwa lalitali limene mmonke amalimenya ndi kanyundo ka mtengo poitanira abale ku mapemphero. Amonke amati Nowa anaitana zamoyo kulowa m'chombo ndi thabwa lotere. Wachinyamata wathu amabereka chikwama chake n'kutsata kanjira ka ku Kastraki kusanade, chifukwa m'nkhalangomo mulibe magetsi, ndipo basi yobwerera ku Ioannina sidikira munthu.